Ngozi yalembedwa pa dzina lanu koma wolakwa si inu: mafunso ndi mayankho kwa madalaivala a mathiraki ku America

Tsambali ndi la anzathu amene akuyendetsa mathiraki ku United States, komanso amene angotenga kumene laisensi ya CDL, yoyendetsera magalimoto akuluakulu a malonda. Kumeneko mbiri ya dalaivala imafika pa kampani yatsopano mwini wake asanafike. Mukamadzaza fomu yofunsira ntchito, olemba ntchito amakhala akuwerenga pa kompyuta zimene bwana wanu wakale analemba, ndipo mzere umodzi wonena za ngozi ukhoza kukutsekerani makomo ambiri inu musakudziwa. Zalembedwa apa ndi zokuthandizani kudziwa poyambira. Nkhani ikakula imafuna loya.

Kodi mbiri imeneyi imasungidwa kuti?

Sisungidwa malo amodzi, ndipo apa ndi pamene ambiri amasokonekera. Munthu amatha miyezi akulembera ofesi imene ilibe mphamvu pa vuto lake.

Mbiri imene madalaivala amaiopa kwambiri ndi lipoti la DAC. Si la boma. Limayendetsedwa ndi kampani yotchedwa HireRight, ndipo zolembedwamo zimachokera kwa makampani a mathiraki amene analowa m'dongosololi: masiku amene munagwira ntchito, mtundu wa thiraki, chifukwa chimene munachokera, ngozi zimene munachita, komanso ngati angakulembeninso ntchito kapena ayi. Wolemba ndi bwana wakale, ndipo inu safunsa maganizo anu.

Ina ndi PSP, imene ndi ya boma, pansi pa bungwe loona za chitetezo cha magalimoto onyamula katundu ndi anthu la FMCSA. Inayamba mu 2010. Imaonetsa ngozi za zaka 5 zapitazi ndi zotsatira za chipikisheni cha pamsewu cha zaka 3. Zimenezi zimachokera kwa apolisi ndi oyendera magalimoto, osati kwa bwana.

Palinso MVR, mbiri ya laisensi yanu ku state imene inakupatsani laisensiyo, momwe mumalembedwa milandu ya pamsewu imene munapezeka nayo olakwa. Pomaliza, lamulo la 49 CFR 391.23 limakakamiza kampani yatsopano kufunsa mabwana anu a zaka 3 zapitazi za mmene munkayendetsera, ndipo iwo ayenera kuyankha pasanathe masiku 30. Choncho ngakhale bwana amene sagwiritsa ntchito DAC amakhala ndi mpata wonena zake.

Musanalembere aliyense, dziwani kaye kuti bodzalo lili pa mbiri iti.

Ndingaione bwanji ndekha?

Lipoti la DAC lili pansi pa lamulo la Fair Credit Reporting Act, mwachidule FCRA, lomwe linakhazikitsidwa mu 1970. Lamuloli limakupatsani ufulu woitanitsa lipoti lanu kwaulere kamodzi pa miyezi 12 iliyonse, ndiponso kwaulere ngati mwapempha pasanathe masiku 60 kuchokera pamene mwakanidwa ntchito chifukwa cha lipotilo. Mumapempha kwa HireRight pa intaneti kapena pa kalata. PSP mumaigula pa tsamba lake la boma pa mtengo wa $10. MVR mumaipeza ku ofesi ya malaisensi ya state yanu.

Nthawi yabwino yoitanitsa ndi milungu ingapo mutachoka pa kampani, bwana wakale atapeza kale mpata wolemba zake, koma inu musanayambe kuponya makalata ofunsira ntchito paliponse. Kudikira mpaka makampani atatu akukaneni ndi kudzipweteka nokha.

Apolisi sanandipatse tikiti, ndipo lipoti lawo likuti wolakwa ndi mnzangayo. Nanga kampani yalemberanji kuti ngoziyo inali preventable, kutanthauza yopeweka?

Chifukwa apolisi ndi kampani amafunsa mafunso osiyana. Wapolisi amafunsa kuti waphwanya lamulo ndani. Ofesi ya zachitetezo ya kampani imafunsa kuti: kodi dalaivala wathu anachita zonse zimene munthu woganiza bwino akanachita kuti ngoziyi isachitike? Malamulo a FMCSA nawonso amaona choncho: ngati dalaivala wosamala akanatha kuioneratu ngoziyo n'kuipewa popanda kuyambitsa ina, ndiye kuti inali yopeweka.

Tiyerekeze kuti kagalimoto kakudulani kutsogolo pa msewu waukulu n'kuponda mabuleki mwadzidzidzi, inu n'kukagunda kumbuyo. Wapolisi akhoza kupereka tikiti kwa mwini kagalimotoko. Koma akuofesi akatsegula kanema wa kamera ya pagalasi n'kuona kuti kagalimotoko kanayatsa indiketa kwa kanthawi inu osachotsa phazi pa mafuta, adzalemba kuti mukanatha kupewa. Zimapweteka, koma si bodza ayi, ndi chiweruzo chawo, ndipo kuchitsutsa n'kovuta kuposa kutsutsa tsiku lolakwika.

Komabe musagonje msanga. Makampani ambiri ali ndi komiti yowunikanso ngozi, ndipo ndondomeko yake imalembedwa m'buku la madalaivala limene munasainira polowa ntchito, lija ambirife timangoliponya kuseri kwa mpando. Liwerengeni, muone masiku amene mwapatsidwa ochitira apilo, ndipo pempho lanu likhale lolembedwa. Pali maofesi ena amene amangodinda preventable pa chilichonse chifukwa n'kosavuta, ndipo akapanikizidwa kuti asonyeze chimene dalaivala akanachita mosiyana, amasowa chonena. Funso limenelo ndiye chida chanu: ndiuzeni chenicheni chimene ndikanachita.

Ndinangothyola galasi lam'mbali pobwerera chambuyo pamalo otsitsira katundu. Kodi imeneyi ndi ngozi?

Pamaso pa boma, ayi. Lamulo la 49 CFR 390.5 limati ngozi yolowa m'kaundula ndi imene munthu wamwalira, kapena wavulala n'kukalandira chithandizo nthawi yomweyo kutali ndi malo a ngoziyo, kapena galimoto yawonongeka mpaka kuchita kukokedwa. Kuphulika kwa tayala popanda china chowonongeka, kusweka kwa nyali, kapena chowonongeka chimene chingakonzedwe pomwepo popanda zida zapadera, sizilowa m'gulu limeneli. Zochitika pokweza kapena potsitsa katundu basi sizilowanso.

Galasi lanulo silidzaoneka pa PSP. Koma kampani ili ndi ufulu wolilemba pa DAC ngati chochitika chaching'ono. Chimene muyenera kuyang'anitsitsa ndi gulu limene aliika. Ngati kukanda kwa tirela kwalembedwa ngati ngozi yolowa m'kaundula wa DOT, unduna wa zamtengatenga wa boma, pamenepo muli ndi mpata wabwino kwambiri wopambana, chifukwa simukutsutsa maganizo a munthu koma mfundo imene ili ndi tanthauzo lake m'malamulo. Olemba ntchito ndi makampani awo a inshulansi amawerengera mitundu iwiriyi mosiyana kwambiri.

Chenjerani ndi nkhani yokokedwa. Thiraki ikatitimira m'matope n'kukokedwa ilibe chowonongeka, si chimodzimodzi ndi imene yakokedwa chifukwa yaphwanyika moti singayende. Risiti ya okoka galimoto ndi pepala la kugalaja zimathetsa mkangano umenewu.

Ndapeza bodza pa DAC. Ndiyambire pati?

Lemberani HireRight kuti mukutsutsa, ndipo tchulani mzere weniweniwo: kampani yake, tsiku lake, chimene chalembedwa, chimene chili choona, ndi pepala limene likutsimikizira. Tumizani makope, mapepala enieni musunge. Ngati mwatumiza pa positi, gwiritsani ntchito njira imene wolandira amasainira, kuti tsiku loyambira kuwerengera lidziwike.

Akalandira, lamulo limawapatsa masiku 5 antchito kuti adziwitse kampani imene inalemba, ndi masiku 30 kuti amalize kufufuza. Masikuwo akhoza kuwonjezeredwa ndi 15 ngati mwatumiza umboni wina kafukufuku ali mkati, n'chifukwa chake ndi bwino kusonkhanitsa zonse n'kutumiza kamodzi. Zikapezeka kuti n'zabodza, zosakwanira, kapena kuti palibe amene angazitsimikizire, ziyenera kukonzedwa kapena kufufutidwa, ndipo inu muyenera kuuzidwa zotsatira molemba. Mfundo yakuti "palibe amene angazitsimikizire" ndi yofunika: kampani yakale ikakhala chete osayankha, kapena inatsekedwa kalekale, mzerewo suyenera kutsala. Ndipo chofufutidwa sichingabwezeretsedwe mwakachetechete; wolembayo ayenera kutsimikizira kuti n'choona, ndipo inu mudziwitsidwe pasanathe masiku 5 antchito.

Musachite manyazi kutsutsa poganiza kuti makampani akuluakulu salakwitsa. Mu 2012 HireRight Solutions inavomera kulipira $2.6 miliyoni pothetsa mlandu umene bungwe la boma la FTC linaiimba wokhudza kuphwanya lamulo la FCRA lomweli.

Tsiku lomwelo lemberaninso kampani yakale, ku ofesi ya zachitetezo, osati kwa amene ankakupatsani maulendo. Kuimba foni n'kukalipa sikusiya chizindikiro chilichonse. Kalata imasiya.

Afufuza, kampani yakale yaumirira kuti zimene inalemba n'zoona. Basi zathera pomwepo?

Ayi, ngakhale ziyenera kunenedwa poyera kuti kafukufuku ameneyu nthawi zambiri amangokhala kufunsa wolemba yemweyo kuti kodi unalemba zoona, iye n'kuti inde.

Chotsatira ndi kuika mawu anu pa lipotilo. FCRA imakulolani kulemba chiganizo chachifupi chofotokoza mbali yanu, ndipo akhoza kukuikirani malire a mawu 100. Aliyense woitanitsa lipotilo adzaona kuti nkhaniyo mukuitsutsa.

Lamulo la 391.23 lilinso ndi njira yakeyake. Muli ndi ufulu woona zimene mabwana akale anauza kampani yatsopano: pemphani molemba pofunsira ntchito, kapena pasanathe masiku 30 mutalembedwa kapena kukanidwa, ndipo kampaniyo ikupatseni pasanathe masiku 5 antchito. Mukapempha bwana wakale kuti akonze, ali ndi masiku 15 oti akonze kapena akuuzeni kuti wakana. Akakana, mumamutumizira yankho lanu lotsutsa, ndipo pasanathe masiku 5 antchito ayenera kulitumiza kwa kampani yatsopano n'kuliphatika pa fayilo yanu, kuti aliyense wodzafunsa mtsogolo alandire ziwiri zonse. Akanyalanyaza, mukhoza kukamunenera ku FMCSA.

Mawu 100 amenewo musawawononge. Wowerenga ndi munthu wotanganidwa amene ali ndi mafomu ambirimbiri patebulo. Mukalemba kuti kampani ija ndi ya mbava, idyera madalaivala masuku pamutu, Mulungu adzaiweruza, iye adzangoona dalaivala wovuta. Lembani ngati mlembi wa kukhoti: tsiku lakuti, ndinaima pa robot yofiira mu mzinda wakuti, galimoto ina inagunda tirela kumbuyo, woyendetsa wakeyo ndiye anapatsidwa tikiti, lipoti la apolisi ndi nambala yakuti, kope lake ndili nalo. Mkwiyo usungeni kukauza anzanu pa truck stop.

Anandigunda kumbuyo nditaima, koma ngoziyo ikuoneka pa PSP ngati kuti ndine ndinaichititsa. Ingachoke?

Kuchokeratu, kawirikawiri ayi. PSP imalemba ngozi iliyonse yolowa m'kaundula imene munalimo, posatengera kuti wolakwa ndani. Koma pali pulogalamu yotchedwa Crash Preventability Determination Program, imene FMCSA inayamba kuiyesa mu 2017 n'kuikhazikitsa mu May 2020 pa ngozi zochitika kuyambira pa 1 August 2019. Akaunika n'kupeza kuti simukanatha kupewa, pambali pa ngoziyo pa PSP pamalembedwa kuti Not Preventable. Kwa wolemba ntchito, chidindo chimenecho chimasintha nkhani yonse.

Si ngozi iliyonse imene amaiunika. Zolandiridwa ndi monga kugundidwa kumbuyo, kugundidwa mutaima kapena mutapaka movomerezeka, kugundidwa ndi woyenda mbali yolakwika ya msewu, woledzera, wogona pa chiwongolero kapena wodutsa robot yofiira, kugunda nyama, komanso kugweredwa ndi mtengo kapena miyala. Pa ngozi zochitika kuyambira pa 1 December 2024 mitunduyi inawonjezeredwa kufika pa 21, ndipo umodzi mwa yatsopanoyo ndi ngozi ina iliyonse imene kanema akuonetsa bwinobwino mmene zinayendera. Amene muli ndi kamera yanuyanu pagalasi, ndalama zija sizinapite pachabe.

Pempho limadzera pa DataQs, tsamba la FMCSA lotsutsirapo zolembedwa zolakwika. Dalaivala akhoza kutsegula akaunti yake kwaulere n'kupempha yekha, osadikira kampani. Lipoti la apolisi la ngoziyo ndi lokakamiza, ndipo ngati panafa munthu amafunanso zotsatira za kuyezedwa mowa ndi mankhwala osokoneza bongo. Yankho likhoza kukhala Not Preventable, Preventable, kapena Undecided, kutanthauza kuti alephera kugamula. Dziwaninso kuti ngati pa nthawi ya ngoziyo simunali wololedwa kuyendetsa, mwachitsanzo laisensi itaimitsidwa, adzati inali yopeweka ngakhale kuti anakugundani ndi wina.

DataQs yomweyo ndi yothandizanso ngati ngozi yalembedwa pa dzina lanu pamene woyendetsa anali wina, ngati yalembedwa kawiri, kapena ngati sinafike pa mlingo wolowa m'kaundula. Zotere zikatsimikizika zimakonzedwa kapena kuchotsedwa, ndipo amene amaziunika ndi ofesi ya state kumene ngoziyo inachitikira.

Ndikapambana ku DataQs, DAC nayo isintha yokha?

Ayi. DataQs ndi ya boma, DAC ndi ya kampani, ndipo sizilankhulana. Tengani chigamulo cha FMCSA n'kuchiphatika pa kalata yatsopano yopita ku HireRight ndi kwa bwana wakale. Sichiwakakamiza, koma kampani imavutika kupitiriza kunena kuti preventable pamene boma launika n'kunena zosiyana.

Tikiti yanga inathetsedwa kukhoti. Bwanji mlanduwo ukuonekabe pa PSP?

Khoti silitumiza uthenga ku FMCSA. Muyenera kukweza nokha pepala la chigamulo pa DataQs. Kuyambira pa chipikisheni cha pa 23 August 2014, mlandu umene tikiti yake yathetsedwa kapena mwapezeka osalakwa umachotsedwa pa PSP, ndipo ngati mwaweruzidwa pa mlandu wina wosiyana ndi woyambawo, pamalembedwa zimenezo. Apa pali chodabwitsa chimene ambiri amachidziwa mochedwa: chenjezo lopanda tikiti limaoneka ngati chifundo cha wapolisi, koma mulibe khoti loti mukalitsutsire. Ndipo kulipira tikiti mwamsanga kuti muthane nazo, m'malo ambiri kumawerengedwa ngati kuvomera mlandu.

Ndi umboni uti umene umagwira ntchito, ndipo ndiusonkhanitse liti?

Tsiku lomwelo, manja akunjenjemerabe. Jambulani magalimoto asanasunthidwe ngati n'zotheka popanda kuika moyo pachiswe: chithunzi cha patali choonetsa mizere ya msewu ndi zikwangwani, kenako cha pafupi, zidindo za matayala pa tala, nambala ya galimoto inayo, ndi mbali za thiraki yanu zimene sizinakhudzidwe, kuopa kuti mawa angakukwezereni kuphwanyika kwakale. Lembani dzina la wapolisi, nthambi yake ndi nambala ya lipoti. Mboni muitenge nambala ya foni isanakwere galimoto yake.

Vuto lalikulu ndi lakuti umboni wambiri uli m'manja mwa kampani. Kanema wa kamera yawo, mauthenga a pa makina a m'thiraki, zolemba za ELD (makina olemba maola amene mwayendetsa): tsiku lochotsedwa ntchito zonsezi zimakutsekerani. Lamulo limangokakamiza kampani kusunga zolemba za maola anu kwa miyezi 6, ndipo kaundula wa ngozi kwa zaka 3. Makamera a pamalo otsitsira katundu ndi a m'masitolo amafufuta okha zakale pakapita kanthawi kochepa. Choncho jambulani ndi foni yanu mauthenga onse ofunika mukadali pa ntchito, ndipo pemphani molemba kuti kanema wa tsiku limenelo asungidwe.

Chinanso chaching'ono: potenga tirela iliyonse, izungulireni ndi foni m'manja, ndipo chobowoka kapena chopindika chilichonse chilembedwe pa pepala la chipikisheni musananyamuke. Madalaivala ambiri amasenzetsedwa milandu ya anzawo chifukwa choti ndiwo anali omaliza kukoka tirelayo.

Kampani yangonditumizira uthenga kuti sindinapambane, osatchula chifukwa. N'zololedwa?

Ngati chifukwa chake ndi lipoti, sizololedwa kukhala chete. Pa ntchito zambiri, wolemba ntchito ayenera kukupatsani kope la lipotilo asanakukaneni. Koma ntchito za mathiraki zili ndi kampata kake: ngati munafunsira pa foni, pa intaneti kapena pa kalata osaonana nawo, akhoza kukukanani kaye n'kukudziwitsani pasanathe masiku 3 antchito, ngakhale pakamwa pokha, potchula kampani imene inapereka lipotilo ndi ufulu wanu wolitsutsa. Funsani mwaulemu koma mosabisa: kodi ndi DAC, PSP, MVR, kapena yankho la bwana wakale?

Ndikukhulupirira kuti analemba zoipa pondibwezera chifukwa ndinakana kuyendetsa thiraki yopanda mabuleki abwino. Pali chondithandiza?

Chilipo, koma chili ndi nthawi yochepa. Lamulo la STAA limateteza dalaivala amene wakana kuyendetsa mophwanya malamulo a chitetezo kapena wadandaula za chitetezo, ndipo kumuipitsira mbiri kuti asapeze ntchito kwina kumawerengedwa ngati kubwezera. Dandaulo limapita ku OSHA, bungwe la boma loona za chitetezo pa ntchito, pasanathe masiku 180. Masikuwo amatha msanga munthu akutanganidwa ndi kusaka ntchito.

Pa nkhani yomweyi, samalani ndi kachokedwe kanu. Mawu akuti munasiya thiraki pamalo osaloledwa kapena munasiya ntchito katundu ali pamsana amawononga mbiri mofanana ndi ngozi. Ngakhale mutakwiya chotani, funsani molemba kumene mukaisiye thirakiyo, ijambuleni mkati ndi kunja, ndipo wolandira makiyi asaine.

Bwanji ndingosiya kuitchula ngoziyo pa fomu?

Musatero. Fomu imafuna ngozi zonse za zaka 3 zapitazi ndi mabwana a zaka 10 kwa woyendetsa ndi CDL, ndipo mumasainira kuti n'zoona. Akazipeza okha, simukhalanso dalaivala amene anachita ngozi koma dalaivala wabodza, ndipo ameneyo ndiye amathamangitsidwa pakati pa maphunziro olowera ntchito n'kudzilipirira basi yobwerera kwawo. Itchuleni nokha, lipoti la apolisi lili m'manja. Makampani ang'onoang'ono kawirikawiri amamvetsera kuposa akuluakulu, ngakhale nawonso amamangika ndi zimene a inshulansi awo alola.

Ndikangokhala chete, zidzachoka zokha liti?

Kwathu timati mlandu suwola, koma umenewu uli ndi tsiku lake. Pa PSP ngozi imachoka pakatha zaka 5, chipikisheni pakatha zaka 3. Pa DAC zoipa monga ngozi ndi chifukwa chochotsedwera ntchito zimachoka pakatha zaka 7, ndipo masiku a ntchito amatsala mpaka zaka 10. Pa MVR zimatengera state. Makampani ambiri amayang'anitsitsa zaka 3 zapitazi, koma zaka 3 pa malipiro otsika ndi ndalama zambiri zotayika chifukwa cha mzere umene mwina ukanakonzedwa ndi kalata imodzi.

Pali anthu amene akuti ndikawalipira andiyeretsera DAC. Ndiwakhulupirire? Nanga loya amafunika liti?

Palibe amene ali ndi khomo lakuseri. Amene amachita zoona amangolemba makalata omwewo amene inu mungalembe kwaulere, ndipo wolonjeza kufufuta ngozi imene inachitikadi ndipo inalembedwa molondola akungofuna ndalama zanu. Ngati Chingelezi cholemba chikukuvutani, kulipira wina kuti akukonzereni kalata si kulakwa, bola mudziwe chimene mukugula. Mamembala a OOIDA, bungwe la madalaivala limene lili ku Grain Valley, Missouri, akhoza kufunsanso malangizo kumeneko, ndipo madandaulo okhudza makampani osunga malipoti amalandiridwa ku FTC ndi ku CFPB, bungwe la boma loteteza anthu pa nkhani za ndalama.

Loya amafunika pamene mwatsutsa molemba, umboni uli poyera, bodza latsalabe, ndipo mwataya ntchito chifukwa cha ilo. Kutsutsa kaye kudzera ku HireRight n'kofunika, chifukwa ndi kumene kumatsegula njira yosumira kampani imene inalemba ngati sinafufuze moyenera. Sakani loya wa milandu ya FCRA. Mukapambana, lamulo limalola kuti wolakwayo alipire ndalama za loya wanu, n'chifukwa chake ambiri mwa iwo safuna malipiro poyamba. Ngati kuphwanya lamuloko kunali kwadala, khoti likhoza kupereka kuyambira $100 mpaka $1,000 ngakhale musanawerengere zimene munataya, ndiponso chindapusa chowonjezera. Malire osumira ndi zaka 2 kuchokera pamene munazindikira, ndipo sangapitirire zaka 5 kuchokera pamene zinachitika. Popita kwa loyayo tengani lipoti loyamba, makalata anu onse, mayankho awo, ndi mayina a makampani amene anakukanani pamodzi ndi masiku ake.